A Zuze ndi kompyuta yawo Bangula

Chaka chatha tsopano chimwalirireni a Zuze, koma ndikamakwera masitepe a kumbuyo kwa holoselo ya a Hamid ku Limbe ndimatsokomolabe ndisanafike pakhomo. Anandizoloweretsa ndi iwowo. Kugogoda sankakufuna, ankati kumawadzidzimutsa ndipo amataya mzere umene akuwerenga. Kungotulukira osachenjeza sankakufunanso. Ndiye tinagwirizana za chifuwa. Lero kulibe woti ndimuchenjeze, koma khosi langa silinamvebe za malirowo.

Ine ndine Kondwani, ndimakonza makompyuta. Kashopu kanga kali pansi, pakhonde la holoselo yomweyo, ndipo ntchito yanga ndi ya sikuludilaiva ndi bulashi, kuchotsa fumbi ndi kusintha zimene zapsa. Za mkati mwa mapulogalamu ndimangodziwa zongotola. Odziwa anali a Zuze. Ntchito yawo ngakhale akazi awo anachita kumwalira asanaimvetse, koma ndiyesa kuifotokoza monga anandifotokozera eni akewo.

Pansi pa mapulogalamu onse amene timawaona pa sikirini pali ina imodzi yosaoneka imene imagawa ntchito: uyu alembe pa disiki, uyu adikire kaye, uyu amvere kiyibodi. Amaitcha kenelo. Imene a Zuze ankagwirapo ndi yaulere, ndipo amailemba ndi anthu a m'mayiko ambiri amene amatumizirana zosintha pa imelo, poyera, aliyense akuwerenga. Mkati mwake muli tintchito tambirimbiri timene timaitanizana, ndiye mafankishoni amenewo. Makina akayamba kuuma, osayankhanso chilichonse, kapena kuchedwa, munthu amafuna kudziwa kuti ndi kati kanaitana kati, ndipo kanatenga nthawi yaitali bwanji. Pali gawo la kenelo lolemba zonsezo mzere ndi mzere, nthawi ili pambali. A Zuze ankalitcha kalondolondo. Iwo ankayang'anira kalondolondo wa makina akale, aja amafika kuno m'makontena eni ake atatopa nawo, pamodzi ndi malangizo ofotokoza kagwiritsidwe kake. Munthu aliyense pa dziko lapansi wofuna kusintha kanthu pamenepo ankalemba chosinthacho, chimene iwo ankachitcha chigamba, n'kuchitumiza kwa mkulu wina wa ku chigwa cha Shire wokhala pamwamba pa matumba a shuga. Mkuluyo anali a Zuze, ndipo akakana, chakanika basi.

Gawo lawolo linali pangozi masiku onse. Anzawo akunja makina oterowo anawataya kalekale, ndipo pakapita nthawi wina ankafunsa pa imelo ngati alipo amene akugwiritsabe ntchito zimenezi, kapena angozichotsa. Mwambo wawo ndi wakuti gawo likasowa woyang'anira amalilemba kuti ndi lamasiye, ndipo pakapanda wolitola amalichotsa. Kwa iwo inali khodi yakale yongodzaza malo. Kwa ine anali makina a pa kasukulu kena ku Bangwe, a pa kachipatala kena ku Ndirande, ndi a m'mashopu ambiri a mu Limbe. Akayamba kuuma popanda chopsa chilichonse, kalondolondo ndiye ankandisonyeza pamene pali nthenda. Funso lija likabwera a Zuze sankakangana ndi munthu. Ankayatsa makina awo, kuyesa zonse, n'kutumiza zotsatira, ndipo akunjawo ankakhala chete mpaka ulendo wina.

A Zuze anabadwira kufupi ndi Bangula. Anabwera m'tauni ali mnyamata n'kulembedwa ku kampani ya sitima, m'chipinda cha makompyuta aakulu ngati mawadilopu. Anapuma pantchito matipate atabwera kale, nthawi imene intaneti inkayenda pa waya wa foni n'kumalira ngati mwana wa mphaka isanalumikize. M'gulu la kenelo analowamo mwa kachinthu kochepa. Anapeza chiganizo china m'malangizo chonena zimene makina sankachita, ndipo anachikonza. Anakonzanso china, kenako khodi yeniyeniyo, mpaka amene ankayang'anira gawolo atatopa anawasiyira. Sanaonanepo ndi aliyense wa anthuwo. Ndikuganiza kuti ambiri a iwo sankadziwa n'komwe kuti Limbe ili mbali iti.

Blantyre sanamuzolowere moyo wawo wonse. Ngakhale mu Okutobala, ife tikupukuta thukuta, iwo ankatsika minibasi pa depoti atavala jekete yabulauni, akudandaula kuti mzinda uno unamangidwa m'firiji. Akafika pamwamba ankaikoloweka pa msomali kuseri kwa chitseko, n'kuvala juzi imene inkakhala pompo. Tiyi wawo anali wopanda mkaka, ndi chinangwa chophika chogula kwa mayi wina wa pa geti la msika. Makina awo onse anawapatsa mayina a kwawo. Panali Makhanga, amene anapsa mvula ina ya mphenzi, panali Chiromo, ndipo wamkulu wa onse anali Bangula, bokosi lotuwa lokhala ndi fani yolira. Bangula ukamuyatsa unkatha kutsika kukagula nthochi n'kumupeza asanamalize kudzuka.

Malangizo ankawalemba m'Chingerezi, koma chiganizo chilichonse ankachiwerenga mokweza n'kuchinenanso m'Chinyanja. Iwo ankati Chinyanja, ndipo mawu akuti Chichewa ankawasiyira a pa wailesi. Chiganizo chikakana kutembenuka ankachifufuta, poti maganizo awo anali akuti chimene sungathe kuuza mnansi wako m'chinenero chako ndiye kuti sunachimvetse, wangochikongoletsa. Akamaliza ankandiitana ine. Ankandikhazika pa kireti ya zakumwa imene inali mpando wa alendo, kundipatsa malangizowo, iwo n'kupinda manja. Ndikasochera sankandithandiza olo pang'ono. Ndinkawayang'ana ndi maso opempha, iwo n'kumayang'ana kudenga. Ndikalephereratu ankati olakwa ndi malangizo, osati ine, n'kuyambanso kulemba. Zinkandipsetsa mtima chifukwa pansi makasitomala amakhala akundidikira, koma ndikunena zoona, palibe munthu wina amene anandiuzapo kuti umbuli wanga ndi wothandiza.

Lamulo lawo lalikulu linali la zitsanzo. M'malangizomo mumakhala mizere yosonyeza zimene kalondolondo amalemba, kuti wowerenga afanizire ndi zimene akuona pa makina ake. A Zuze sankalola chitsanzo cholembedwa pamanja. Khodi ikasintha, chitsanzo chinkayenera kutengedwanso pa makina akale enieni, monga chatulukira, osakonza ngakhale kadontho. Ankanena kuti munthu amatsegula malangizo zinthu zitamuvuta kale, ndipo chitsanzo chikamunamiza amayamba kukayikira makina ake abwinobwino. N'chifukwa chake m'malangizo amene amawerengedwa m'mayiko onsewo, pamwamba pa chitsanzo chilichonse pamaoneka dzina lakuti Bangula.

Chipinda cha pamwambacho anawapatsa ndi a Hamid, amene makolo awo anachokera ku India koma iwo anabadwira mu Limbe momwemo, ndipo Chichewa chawo n'chakuthwa kuposa changa. Kompyuta yawo ya katundu inkauma masana aliwonse. A Zuze anaiika pa kalondolondo n'kupeza kuti ikuvutitsidwa ndi kapulinta kamalisiti. Kuyambira pamenepo a Hamid anawauza kuti pamwamba pali malo, ndipo jeneleta ya shopu ifika mpaka kumeneko. Ubwenzi wawo unali wa mikangano. Ankakangana za matumba otsekereza masitepe, za fumbi la ufa lolowa m'mafani, koma makamaka za makina akalewo.

"A Zuze, zinyalala izi tayani," ankatero a Hamid. "Ndikupatsani yanyuwani, ili m'katoni pansipa. Mukuzunzikiranji?"

"Yanyuwani ili ndi eni ake ambiri, achimwene. Awa ali ndi ine ndekha."

"Nanga anthu anu akunjawo amadziwa n'komwe kuti muli ndi imvi?"

"Safunika kudziwa imvi. Afunika kudziwa kuti Bangula akuyenda."

A Hamid ankatsika akupukusa mutu, koma magetsi akazima waya woyamba kulumikizidwa ku jeneleta unali wa pamwamba. Lachisanu masana akamatseka shopu kupita ku mzikiti ankawakiyira a Zuze mkati, ndipo iwo ankati nthawi imeneyo ndiyo yokha ya mtendere pa sabata. M'mwezi wa kusala kudya fulasiki ya tiyi inkasowa pa tebulo. Sanauzidwe ndi munthu, ndipo a Hamid sanathokozepo, koma onse awiri ankadziwa.

Zaka zomalizira maso anayamba kuwavuta a Zuze chifukwa cha shuga. Anakulitsa zilembo mpaka mzere umodzi unkadzaza sikirini, kenako zinafika poti ine ndizikwera kukawawerengera. Ndinkatchula mayina a mafankishoni movutikira, iwo atatseka maso, akugwedeza mutu. Kuwerenga ndinkatha, kuyatsa makina ndi kuyendetsa mayeso ndinkatha, koma kulemba khodi ayi, ndipo tonse tinkadziwa kuti gawolo silingakhale m'manja mwanga. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Bambo, bwanji osamuitana Lusiya?"

"Njira akuidziwa," anatero. "Werenga mzere wotsatira."

Lusiya ndi mwana wawo wamkazi yekhayo, ndipo ndinamudziwa ali ku sekondale, akubwera pa holide kudzakhala pa kireti ija. Mutu wa bambo ake anautenga wonse, mwinanso kuposa. Anaphunzira za makompyuta, anapeza ntchito yabwino m'tauni, anakwatiwa n'kukakhala ku Namiwawa m'nyumba ya mpanda. Ku Malawi kuno ndi iye yekha amene ndinkamudziwa woti akanatha kulandira ntchito ya a Zuze, ndipo iwo ngakhale sankanena, ankayembekezera zomwezo. Ankati akandiuza kuti Lusiya wafunsa funso lakuti, nkhope yonse inkawala.

Ndiye kunabwera chigamba chake choyamba. Kalondolondo anali ndi vuto lina limene linawasowetsa mtendere a Zuze kwa miyezi. Pa makina ena ankayamba kudzilondola yekha, kulemba kuti akulemba, n'kulembanso kuti walemba, osatha, mpaka makina kuuma gwa. Lusiya anapeza pamene pankayambira vutolo n'kupakonza m'mizere yochepa. Anasinthanso malangizo monga mwa lamulo, anaikamo chitsanzo chatsopano chokhala ndi dzina la Bangula pamwamba, n'kutumiza pa imelo ya gulu lonse.

Ndinalipo m'mawa umene a Zuze anachiwerenga, nthawi imeneyo maso akadali bwino. Khodiyo anaiwerenga akumwetulira, anandiitana kuti ndione ngakhale ankadziwa kuti sindimvapo kanthu. Atafika pa chitsanzo kumwetulira kunatha. Analoza manambala a nthawi a m'mbali mwa mizere.

"Bangula sanathamangepo chonchi chibadwire," anatero.

Zimene zinachitika n'zosavuta kumva. Lusiya anayesera pa laputopu yake yatsopano kunyumba, n'kufufuta dzina la laputopuyo, kulembapo la Bangula. Manambalawo anali a makina achangu. Munthu wina sakanazindikira, koma a Zuze liwiro la Bangula ankalidziwa ngati mayendedwe a mwana wawo. Ndinawapempha kuti amuimbire foni. Foni sanaigwire. Analemba pa imelo ya gulu lomwelo, pamene aliyense amawerenga, kuti khodi ndi yolondola koma chitsanzo sichinachokere pa makina amene chikunena, choncho chigamba sichilandiridwa mpaka chitsanzo chitengedwenso. Anamutchula dzina lake lonse monga ankachitira ndi mlendo aliyense.

Masana ake Lusiya anakwera masitepe osatsokomola. Ine ndinali pakona ndikupukuta Chiromo, ndipo pothawira panalibe.

"Ababa, foni mulibe?"

"Ndili nayo."

"Ndiye munalephera kundiimbira? Kungoti Lusiya, bwera udzayese pa Bangula, basi? Mpaka dziko lonse liwerenge kuti mwana wa a Zuze ndi wabodza?"

"Sindinalembe kuti ndiwe wabodza. Ndalemba za chitsanzo."

"N'chimodzimodzi! Mwana akutentha thupi kunyumba, kuntchito madedilaini ali pakhosi, ndiye ndimayenera kudutsa jamu ya magalimoto yonse ija kubwera ku Limbe chifukwa cha timanambala?"

"Khodi yako ndi yabwino, mwanawe. Ine sindikanaiganiza choncho. Bangula ndi uyo, ndamuyatsa kale. Khala pansi uyese, ndilandira lero lomwe."

"Ine ndikunena za foni, Ababa."

"Akanakhala wa ku Japan ndikanamuimbira?"

"Wa ku Japan simunamubereke."

Anatsika. A Zuze anakhala akuyang'ana chitseko, Bangula akulira pambali pawo mpaka nthawi yoweruka.

Ine maganizo anga sanasinthe mpaka lero. Pokana chigambacho a Zuze analondola, koma pa foni analakwa. Munthu ungathe kusunga lamulo n'kuimbabe foni, sizilimbana. Ndinawauza kangapo, a Hamid anawauza mokalipa, iwo n'kumangoti pa imelo ija alibe mwana, ali ndi gawo loliyang'anira, ndipo tsiku limene adzayambe kukonzera zinthu kuseri chifukwa cha magazi, dzina la Bangula lidzakhala lopanda ntchito. Vuto lija anadzalikonza okha m'njira yawo yaitali, yosakongola, ndipo ankavomereza kuti ya Lusiya inali yabwino kuposa.

Musaganize kuti anadana. Lusiya ankawayendera kwawo ku Chigumula Lamulungu akaweruka ku tchalitchi, ankawagulira mankhwala, ankapita nawo kwa dokotala wa maso, ndipo mdzukulu wawo ankawakwera pamsana. Ankacheza za mvula, za madzi osefukira kumudzi, za maukwati a achibale. Za kalondolondo zokha ndiye panalibe wotchula. Lusiya sanatumizenso chigamba, ndipo masitepe a ku holoselo sanawakwerenso. Bambo ankadikira kuti mwana abwere yekha, mwana ankadikira kuti bambo anene mawu amodzi. Zinkandimvetsa chisoni kuona anthu awiri anzeru chotero akulephera kanthu kamene ife osaphunzira timakatha pa kapu ya tiyi.

A Zuze anamwalira m'nyengo yozizira, imene ankaida. Tinakawaika kumudzi kwawo ku chigwa cha Shire, ndipo a Hamid anapereka lole ya shopu, iwo n'kukhala kutsogolo ulendo wonse wotsika Thabwa atavala chipewa chawo choyera. Ndinalemba ndine pa imelo ya gulu, m'Chingerezi changa chopunduka, kuti woyang'anira uja watisiya. Anayankha anthu ambiri a mayina ovuta kutchula. Wina anati anaphunzira ntchito powerenga malangizo awo, ndipo kwa zaka zambiri ankaganiza kuti Bangula ndi dzina la galu. Patapita nthawi pang'ono gawolo analilemba kuti ndi lamasiye.

Mwezi wathawu funso lija linabweranso. Anafunsa mwaulemu ngati pali wina wotola gawolo, ndipo anati pakapanda woyankha alichotsa potulutsa kenelo yotsatira. Ndinayatsa Bangula, ndinayendetsa mayeso, koma kulemba kuti ndilitola ine kukanakhala kunama. Tinakumana ndi Lusiya pa mapemphero okumbukira bambo ake ku Chigumula, ndipo ndinangomusonyeza uthengawo pa foni. Anauwerenga, anandibwezera foni, n'kupita kukathandiza amayi ena kukhitchini. Ndinabwerera ku Limbe nditataya mtima.

Loweruka lotsatira, cha m'ma teni, galimoto yake inaima kutsogolo kwa kashopu kanga.

"Achimwene, makiyi a pamwamba ali ndi inu?"

"Ali ndi a Hamid, achemwali."

A Hamid anasiya kasitomala pa kauntala n'kukwera nafe, akupuma movutikira. Lusiya anaima pakati pa chipinda, anayang'ana mpando wa bambo ake, kenako anakoka kireti n'kukhalapo. Anayatsa Bangula. Tinadikira. Anali atabweretsa chigamba chomwe chija, atachikonzanso kuti chigwirizane ndi kenelo ya masiku ano, ndipo anachiika n'kuyendetsa kalondolondo. Mizere inayamba kutsika pa sikirini, manambala a nthawi ali m'mbali, akuluakulu, aulesi. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Amachedwadi," anatero. "Ababa ankanena zoona, sathamanga."

Anatenga chitsanzocho monga chinatulukira n'kuchiika m'malangizo. Pamwamba pa uthenga analemba mzere umodzi woyankha funso la akunja lija, wakuti ku Limbe munthu alipo. Atatumiza, a Hamid anafunsa funso limene linali m'mutu mwanga.

"Nanga mwana wanga, chigambachi achivomereze ndani tsopano?"

Lusiya anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kupempha bulashi yanga kuti achotse fumbi pa fani.

Chipindacho chili momwe a Zuze anachisiyira. A Hamid akana kuikamo matumba ngakhale pansi malo akuwachepera. Juzi ija ili pa msomali kuseri kwa chitseko, fulasiki ili pawindo, ndipo pawindopo umaonabe madenga a msika ndi maminibasi akulimbirana pa depoti. Mpando ndi wathabwa, uli ndi khushoni yophwa pakati, ndipo unatsala utakankhidwira kumbuyo pang'ono monga amachitira munthu amene wangotsika kukagula chinangwa. Palibe amene waukhalapo. Kireti ndiyo yasendera pafupi ndi tebulo. Chiromo anasiya kuyaka, koma Bangula akulirabe, ndipo magetsi akazima waya wa pamwamba ndi umene umayamba kulumikizidwa.

Loweruka lapitali ndinali m'chipindamo ndikusesa pamene ndinamva Lusiya akukwera masitepe. Asanafike pakhomo, anatsokomola.